Zala za Agripina

Tandiyankhani inu, poti akuti odziwa kuwerenga ndinu anzeru. N'chiyani ichi: mwini wake wafika kunyumba koma icho chatsala panjira. Sichilemera ngakhale ngati nthenga, koma chikachoka munthu amalephera kunyamula sipuni. Makutu chilibe, koma ukachiitana ndi dzina la paubwana chimatembenuka. Mwalephera? Kwathu wolephera amalipira mbira yowotcha, koma lero ndakukhululukirani. Yankho lake ndi animu, kamzimu kokhala mwa munthu wamoyo. Inunso muli nayo yanu, kungoti simunaitayepo. Agripina, mwana wa malemu mchimwene wanga, anaisiya yake pa Mtanda tsiku limene phiri linagumuka.

Ine ndine Zenobia. Kuno ku Huayllapata amati pakamwa panga sipatsekeka ngakhale pa misa, ndipo sindikana. Koma m'nkhani iyi muli maliro, choncho ndiyesetsa kudzigwira.

Inali nyengo ya mvula yosakata. Loweruka m'mawa Agripina anandisiyira khanda lake, Nelida, nanyamula tchizi kukwera lole ya kumsika. Pambali pake panakhala Ceferina, mnzake amene ankaweta naye nkhosa ali ana. M'lole momwemo munalinso alamu anga a Melquiades, amuna a malemu mng'ono wanga, ali ndi thumba lawo la mbatatesi. Atafika pa Mtanda, pamene msewu umakhota pamwamba pa mtsinje, phiri linangoti gumu! Matope, miyala ndi mitengo ya bulugamu zinatsika pamodzi, lole n'kugwera cham'mbali. Ambiri anatuluka amoyo. Ceferina anakamupeza m'mawa mwake kumunsi kwa mtsinje.

Agripina anamubweretsa kunyumba anthu okonza msewu. Fupa silinathyoke ngakhale limodzi, anangokalika m'miyendo ndi kuzuka chikhadabo. Aliyense anati Mulungu ngwamkulu. Ine ndinamuyang'ana m'maso, ndipo ndinaona kuti m'nyumbamo mulibe munthu.

Pamaliro a Ceferina sanalire. Anangoima, manja ali m'khwapa. Chivundikiro cha poto chikagwa ankadzambatuka mpaka kugunda khoma. Chakudya chilichonse ankati chikununkha matope. Tulo tinkamubwerera pang'ono, kenako n'kudzidzimuka thukuta lili kamukamu. Koma chimene chinandiopsa n'chakuti anakana kugwira mwana. Nelida akalira, iye ankatembenukira kukhoma. Poyamwitsa ndinkachita kumugwirira khandalo pachifuwa, iye manja ali kumbuyo ngati womangidwa. Posakhalitsa mkaka unayamba kuchepa.

Ndinapita kwa namwino wa pachipatala chathu chaching'ono. Anabwera, namuyang'ana, kenako n'kundikokera panja.

"Mayi Zenobia, phiri linaima koma thupi lake likuthawabe. Zimachitika munthu akaona zoopsa, si misala ayi. Musamusiye yekha. Musamukakamize kufotokoza, adzanena yekha. Azidya pang'onopang'ono, ndipo kachasu asamupatse, ngakhale wina atati amachotsa mantha. Zikapitirira mubwere naye."

"Nanga animu?"

Anamwetulira. "Za animu kusukulu sanatiphunzitse. Koma galu atandiluma ndili mwana, amayi anga anakandiitanira yanga. Kaitaneni, koma kwa inenso musasiye kubwera."

Choncho ndinanyamula bulangeti langa n'kusamukira kwa Agripina, pakuti mwamuna wake Leoncio ali kumgodi, ndipo kumeneko tchuthi sapereka chifukwa cha munthu wamoyo. Ndinkamuphikira supu ya balere n'kumupatsa ili yotentha dala. "Uzira, mwana iwe, ungapse lilime." Akamauzira mpweya unkatuluka wautali, ndipo mapewa ake ankatsikako. Masana ndinkathira nyemba pansalu kuti tizisankha, manja akhale ndi chochita. Nthabwala zanga zonse ndinaziyesa, ngakhale ija ya wansembe ndi bulu, imene inaseketsapo munthu ali pa bedi la imfa. Agripina sanaonetse ngakhale dzino.

Nthawi yonseyi alamu anga anali atakhazikika pa mowa wa chicha kwa mayi Tomasa. Lolemba anali atavuula anthu awiri m'matope. Pofika Lachisanu anali atavuula lole yonse, dalaivala ali paphewa.

"Ine ndinatsikira kumunsi kwenikweni, kumene madzi ankawira!" ankatero, akudziguguda. "Mantha ndi matenda a akazi. Animu yanga amayi anaimanga ndi waya."

"Alamu, nanga lamba wanu mwabooleranji bowo lina?" ndinawafunsa tsiku lina nditapita kukagula chicha cha supu.

"Ndikuchepetsa mimba, alamu. Mwamuna wolimba safuna mafuta."

"Nanga kumunda mukuzunguliranji kumanda, njira ya kumsewu ilipo?"

"Ndimakapereka moni kwa mng'ono wanu. Kodi n'kulakwa?"

Anthu anaseka, ine n'kuwasiya. Koma ndinaona kuti ponyamula kapu, chicha chinkatayikira pabuluku.

Tsiku lina tikusankha nyemba, dzuwa litatuluka pang'ono, Agripina analankhula osakweza mutu.

"Azakhali, ndinamusiya."

Ndinapitiriza kusankha.

"Ndinamugwira padzanja. Ankandiyang'ana, akunditchula dzina. Kenako sindikumbuka. Ndinangoona kuti palibe. Ndiye kuti ndinatsegula dzanja, azakhali. Ndinaopa kuti andikoka, ndipo ndinatsegula."

"Ukukumbuka ukutsegula?"

"Sindikumbuka. Koma iye kulibe, ine ndili pano." Anayang'ana manja ake ngati ndi a munthu wina. "Manja awa akagwira mwana adzamusiyanso."

Ndinamuuza zonse zimene munthu amanena: kuti matope amakoka ngakhale ng'ombe, kuti Ceferina sakanamuimba mlandu. Anagwedeza mutu mwaulemu. Koma ine kunalibeko tsiku limenelo, ndipo mawu a munthu amene kunalibe ali ngati madzi othira pamwala.

Sabata yomweyo anafika apongozi ake, mayi Eduviges, kuchokera ku tauni ya Abancay. Musawaone ngati munthu woipa. Ananyamula khandalo, naliyeza m'manja mwawo, nkhope yawo n'kugwa.

"Asewere, mwanayu wapepuka. Inu mwakalamba, mayi wake sakumugwira. Ndimutenga. Mwana wanga wamkazi ali ndi khanda, mkaka ukuchita kutayika. Leoncio ndalankhula naye palamya, wavomera."

"Asewere, tadikirani pang'ono."

"Ndidikire mpaka tikumbe dzenje lachiwiri? Lamulungu masana galimoto ikubwera."

Agripina anamva zonse. Anangoti, "Mutengeni, amayi. Kumeneko akakhala bwino." Apo ndi pamene ndinachita mantha enieni. Mwana wopita ku Abancay sabwera msanga, amayamba kuitana wina kuti amayi. Ndipo Agripina akanatsala ndi umboni wakuti manja ake ndi osiya anthu, n'kukhala nawo mpaka imfa.

Lamulungu m'mawa, anthu akupita ku misa, ndinatenga nsalu yofunda pamapewa ya Agripina, masamba a koka, maluwa ndi maswiti, ulendo wa pa Mtanda. Ndinali nditachedwa kupita chifukwa njira inali idakali yogumuka, ndipo miyendo yanga si ya chaka chino. Mwambo wake ndi wosavuta. Umapatsa nthaka mphatso yake, umakupiza nsalu ukuitana dzina la paubwana, n'kuipinda animu ili m'kati. Pobwerera sucheuka, ndipo sulankhula ndi munthu aliyense mpaka nsaluyo itafika pathupi la mwini wake. Ukangoti "moni", animu imadzidzimuka n'kubwerera kumene inali. Kwa anthu ena n'chinthu chaching'ono. Kwa ine n'chilango choposa kusala kudya.

Pa Mtanda panali zii. Phiri linali ndi bala lofiira kuyambira pamwamba mpaka kumtsinje. Mtanda wakale umene unapatsa malowo dzina unali utapita, wina n'kuzikapo watsopano wa timitengo, dzina la Ceferina lili pamenepo. Ndinaima pang'ono n'kumupempherera.

Kenako ndinamva mawu kuseri kwa mwala waukulu umene unatsala m'mbali mwa msewu. Anali mawu a mwamuna, koma ang'ono, onyengerera.

"Melquicha, bwera. Tsika pamwalapo, mwana wa amayi. Zatha. Tiye kunyumba, Melquicha, usakhale pano pali mphepo."

Ndinasuzumira. Alamu anga anali atagwada m'matope, akukupiza chipewa chawo, misozi ikutsikira m'ndevu.

Ndikuuzeni zoona, nthabwala inafika pamlomo. Inali yabwino kwambiri, ya waya uja. Ndinaimeza.

"Alamu."

Anadzambatuka ngati aponda moto. "Ndimayendera msewu! Ndimaona ngati akonza bwino!"

"Munthu sadzimeta yekha, alamu. Animu siimva mawu a mwini wake. Mukananena, ndikanakuitanirani kalekale."

Anakhala pansi ngati thumba lobooka.

"Sindigona, alamu. Ndikatseka maso ndimamva phokoso lija. Sindinavuule munthu ine. Ndinakwera pamwala uwu, sindidziwa kuti ndinakwera bwanji, n'kuukumbatira. Miyendo inakana. Anthu akukuwa pansipa, ine ndikungoyang'ana. Anachita kunditsitsa okonza msewu ngati mwana wa mbuzi."

"Ndiye munaona zonse."

"Zonse. N'zimene zikundidya."

"Agripina ndi Ceferina munawaona?"

"Anali apa, pansi panga penipeni. Agripina anakolowetsa mkono umodzi pachitsulo cha lole, dzanja lina atagwira mnzake. Matope akukoka, iye osasiya. Kenako chinabwera chimtengo cha bulugamu n'kumumenya Ceferina, juzi lake n'kung'ambika paphewa. Pomuvuula Agripina, mkono wa juzi uja unali udakali m'dzanja mwake. Amuna awiri analimbana nazo zala zake, kutsegula chimodzichimodzi. Chikhadabo chinazuka pamenepo."

"Ndipo inu mwakhala chete masiku onsewa, mwana akufota poganiza kuti anatsegula dzanja yekha?"

"Akuganiza zimenezo?" Anatsegula pakamwa. "Sindinadziwe, alamu, ndikulumbira pa manda a mng'ono wanu. Komanso ndikananena, anthu akanafunsa kuti ndinaonera pati, poti ndinkati ndinali kumunsi."

"Lero mukanena. Galimoto ikubwera masana kudzatenga mwana."

Ndinakumba kadzenje, n'kuikamo koka, maluwa ndi maswiti. Ndinakupiza nsalu. "Pinacha! Pinacha, bwera mwanawe. Mwana wako akulira. Usatsale pano, kuno si kwanu. Bwera, Pinacha." Mawu anga anabwerera kuchokera kutsidya kwa mtsinje. Nditapinda nsaluyo n'kuiika pachifuwa, ndinatenga chipewa cha alamu n'kuwaitanira Melquicha wawo.

"Koma chipewa munyamula nokha," ndinawauza ndisanatseke pakamwa. "Manja anga ali ndi katundu. Mukachivale mutalowa pakhomo panu."

Tinauyamba ulendo wobwerera, ine patsogolo, iwo pambuyo atafungatira chipewa. Dzuwa linali litakwera. Pamene tinkalowa m'mudzi, misa inali itangotha, ndipo njira inadzaza.

"Ngwazi yathu! Mwadzuka bwanji, a Melquiades?" anafuula mayi Tomasa.

Zii.

"Azakhali Zenobia, mwathawa misa lero?"

Zii.

Anthu anayang'anana. Zenobia kukhala chete, chimenecho ku Huayllapata n'chachilendo kuposa matalala m'chilimwe. Ataona nsalu pachifuwa panga anamvetsa. Amuna anavula zipewa, akazi anachita chizindikiro cha mtanda, onse n'kupatuka. Kenako anayamba kutitsatira chapatali, osalankhula.

Pakhomo pa Agripina galimoto inali itafika kale, injini ikulira. Katundu wa mayi Eduviges anali pamwamba, Nelida ali kumsana kwawo. Agripina anakhala pakhomo, manja m'khwapa, akuyang'ana pansi. Ndinamufunditsa nsalu ija, n'kumuuzira mpweya paliwombo.

"Wafika, Pinacha. Wafika kwanu."

Apo pakamwa panga panamasuka. "Asewere, musakwere! Alamu, nenani zimene munaona."

Alamu analoza chipewa, analoza pakamwa, kenako analoza nyumba yawo kumtunda. Dalaivala analiza hutala.

"Kwanu n'kutali, alamu, ndipo galimoto siidikira."

Anayang'ana chipewa chawo. Anayang'ana khanda lili kumsana. Kenako anapita n'kugwada pafupi ndi Agripina, nalankhula ndi mawu amene sindinawamvepo kwa mayi Tomasa.

"Mwananga, sunamusiye. Ine ndinaona ndi maso anga. Unamugwira mpaka mtengo unamumenya, juzi n'kung'ambika. Anakuvuula uli ndi mkono wa juzi m'dzanja. Amuna awiri analephera kukutsegula zala mpaka anachita kuziwongola chimodzichimodzi. Taona chikhadabo chako."

Agripina anatulutsa dzanja lamanja m'khwapa pang'onopang'ono. Anayang'ana chala chija.

"Linali la mtundu wanji?" anafunsa. Anali kuwayesa.

"Lobiriwira. Kumapeto kwa mkono kunali mzere wofiira."

"Mzerewo ndinamulukira ndine," anatero. "Ulusi wake unamuthera."

Pamenepo ndi pamene analira. Kulira kumene sanalire pamaliro kunatuluka konse, mpaka anapindika pakati. Sitinamuletse. Amayi ake a Ceferina anali m'gulu lija, ndipo anabwera n'kukhala naye pansi, mitu itagundana. Dalaivala anazimitsa injini yekha.

Patapita nthawi Agripina anapukuta nkhope ndi nsalu ija. "Amayi, ndimugwireko pang'ono. Ndingotsanzikana naye."

Mayi Eduviges anamasula mbereko. Ine ndinaika manja anga pansi pa a Agripina, kuopa. Nelida anamununkhiza, nayamba kufunafuna bere. Zala zija zinatseka pamsana pa mwana. Ndinachotsa manja anga.

Apongozi anaima akuyang'ana. Anatambasula dzanja ngati akufuna kumutenga, kenako analibweza.

"Amuna awiri analephera, ine nkhalamba ndingathe?" anatero. Anatembenukira kwa dalaivala. "Tsitsa katundu wanga, iwe. Nditsala sabata ino, ndione mmene ziyendere. Asewere, pali malo pabulangeti lanulo?"

"Alipo, koma ndimaliza mkonono."

"Inenso."

Sindikunena kuti Agripina anachira tsiku lomwelo. Mvula ikagunda malata, iye ankanjenjemerabe, ndipo kwa namwino tinapita kangapo. Panapita nthawi asanakwerenso lole. Koma mwana sanapite ku Abancay, ndipo kuyambira tsikulo ankayamwa ali m'manja mwa mayi wake.

Tibwerere pakhomo paja, anthu asanabalalike. Alamu anali ataimirira, akusasa mawondo, ndipo ndinaona chifuwa chikuyambanso kutukumuka, chifukwa akazi ankawathokoza. Koma mayi Tomasa ali ndi makutu a mleme.

"Tadikirani, a Melquiades. Inu paja munali kumunsi kumene madzi ankawira. Nanga zimenezi munazionera pati?"

"Pamwala," anayankha msanga. "Ndinakwera pamwala kuti ndizilondolera opulumutsa. Mtsogoleri amaima pokwera."

"Nanga m'chipewamo muli chiyani, mwachifungatira ngati khanda?"

"Mazira a nkhwali. Ndatola panjira. Ine ndinangoperekeza alamu angawa, mukudziwa akazi mmene amaopera malo ngati amene aja."

Anandiyang'ana mondipempha ndi maso. Ine ndinaluma mlomo. Ndinali nditatsimikiza kuwasungira chinsinsi, chifukwa munthu amene walolera kutaya animu yake pofuna kupulumutsa mwana wa mwini ayenera ulemu. Mulungu ndi mboni, sindinanene kanthu.

Anawaulula ndi dalaivala. Atatsitsa katundu anamenyetsa chitseko cha galimoto, phwaa! Alamu anadumpha m'mwamba n'kukabisala kumbuyo kwa siketi yanga, chipewa chili uko. Mphepo ya masana inachitola n'kuyamba kuchigubuduza kutsetsereko, kulowera njira ya pa Mtanda. Mazira sanagwe ngakhale limodzi.

"Mayo, akubwerera!" anakuwa alamu, n'kuliyatsa liwiro, dazi likung'anima padzuwa. "Melquicha! Ima, mwana wa amayi! Melquicha, usapitenso pamwala!"

"Waya waduka!" anafuula mayi Tomasa.

Mudzi wonse unagwa nacho chiseko, ngakhale amayi ake a Ceferina anabisa pakamwa ndi chipewa chawo. Ine ndinacheuka. Agripina anali kuseka, misozi idakali m'masaya, mapewa akugwedezeka, manja onse awiri atazinga mwana. Kumunsi alamu anga anali akuthamangitsabe chipewa, agalu atatu ali pambuyo pawo.